Chigamulo Chisamabwere pa Galimoto

 Lero tiyeni tiyang'anitsitse chinthu chimene tachizolowera kwambiri mwakuti sitichifunsanso, ndicho msonkhano wa chitukuko wa pamudzi. Mukudziwa mmene umayendera. Uthenga umafika kwa a gulupu kuti mawa kubwera alendo ochokera ku boma kapena ku bungwe. Anthu amasiya makasu, amayi amabereka ana, onse n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mamawa. Dzuwa lili paliwombo galimoto imatulukira. Pamakhala pemphero, malonje, kenaka mlendo wamkulu amafotokoza zimene zakonzedwa. Akamaliza amafunsa ngati pali funso. Anthu awiri kapena atatu amaimirira, ena onse amaomba m'manja, mayina amalembedwa papepala, galimoto n'kubwerera fumbi lili koboo. Mu lipoti mudzalembedwa kuti anthu a m'deralo anatenga nawo mbali. Zimene ndikufuna kunena lero n'zakuti pamsonkhano wotere anthu auzidwa koma sanafunsidwe, chifukwa chigamulo chinabwera pa galimoto chitapsa kale. Ndipo m'boma ngati lathu lino la Phalombe, kumene phiri limatha kutsika usiku umodzi n'kukwirira mudzi, kusiyana kwa kuuzidwa ndi kufunsidwa kumafika mpaka pa moyo wa munthu.

Tikumbutsane kaye chimene tinamenyera. Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene, mwa zina, inadandaula kuti Amalawi akukhala mwamantha, osatha kulankhula zakukhosi pa zinthu zokhudza dziko lawo. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, ndipo pafupifupi ovota awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 tinasankha boma latsopano. Malamulo aakulu a dziko amene anabadwa nthawi imeneyo amanena m'gawo 12 kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wozigwiritsa ntchito amangosungitsidwa. Gawo 35 limateteza ufulu wolankhula, gawo 38 ufulu wosonkhana. Choncho pamodzi ndi pepala lovotera, tinabwezeredwanso pakamwa pathu. Koma taonani chimene chinatsalira. M'nthawi ya chipani chimodzi misonkhano inalipo yambiri: anthu ankapita mokakamizidwa, khadi la chipani lili m'thumba, amayi ankavina, wamkulu ankalankhula, khamu linkavomera. Mantha a masiku amenewo anachoka, koma kakhalidwe ka msonkhano sikanasinthe kwenikweni. Mipando idakali kutsogolo, anthu adakali pansi, ndipo mawu akuyendabe njira imodzi.

Tikaona zolembedwa, dongosolo lathu n'labwino ndipo liyenera kuyamikiridwa. Mu 1998, chaka chomwe dera la Phalombe linapatulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha, dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Lamulolo limanena poyera kuti cholinga cha makhonsolo n'chakuti anthu azikhalapo pomanga mfundo ndi pa ntchito za chitukuko. Njira yake inakonzedwa kuti iziyambira pansi: komiti ya chitukuko ya VDC kwa a gulupu imve zofuna za midzi n'kuzisanja, komiti ya ADC kwa mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Nazombe, kwa Jenala, kwa Chiwalo, kwa Kaduya, kwa Mkhumba kapena kwa Nkhulambe, iziphatikize, kenaka khonsolo ikonze dongosolo la chitukuko la boma lonse ndi bajeti yake. Koma mbewu imeneyi itangomera inakumana ndi ng'amba. Makhansala oyamba anasankhidwa mu Novembala 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 popanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Taganizani tanthauzo lake kwa boma lakhanda ngati Phalombe: pa zaka 16 zoyambirira, zaka zosakwana 5 zokha ndi zimene linali ndi khonsolo yosankhidwa ndi anthu. M'zaka zopanda makhansalazo anthu anaphunzira kuti mjigo, mlatho kapena buloko ya sukulu zimabwera ngati mphatso yochokera kwa munthu wamkulu, ndipo wolandira mphatso safunsa mtengo wake. Chizolowezi chimenecho chidakalipo, kwa opereka ndi kwa olandira omwe.

Wina angafunse kuti vuto lili pati ngati mjigo wabwera ndipo madzi akutuluka. Ayang'ane phiri la Michesi ndi la Mulanje. Pa 10 Marichi 1991 napolo anatsika ku Michesi, miyala ndi matope zinakokolola midzi, anthu mazanamazana anafa. Tsoka limeneli ndi limene linachititsa kuti chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tinganene kuti lamulo limenelo linalembedwa ndi misozi ya anthu a ku Phalombe. Patapita zaka 32, mwezi womwewo wa Marichi, mu 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 kwa Nkhulambe m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a dziko lino saiona ngakhale chaka chathunthu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Palibe msonkhano umene ukanaletsa mvula imeneyo, ndipo wonena kuti ukanatero akunyoza anamfedwa. Koma pali mafunso amene amayankha ndi anthu, osati mitambo: nyumba zimangidwe pati, chipatala ndi msika ziime tsidya liti la mtsinje, mitengo ya m'phiri aisamale ndani ndipo woletsedwa kuotcha makala adzadya chiyani, chenjezo likamveka pawailesi anthu athawire kuti ndipo agogo osatha kuthamanga awanyamule ndani. Mafunso amenewa anali ndi zaka 32 zoti akambidwe, ndipo m'midzi ya m'tsinde mwa phiri muli akuluakulu amene angaloze ndi chala pamene napolo anadutsa mu 1991. Nzeru zotere sizilowa m'dongosolo la chitukuko ngati ntchito ya anthu pamsonkhano ili yongomvera mlendo.

Taonani nkhani ya kusamuka, imene yakhala pakamwa pa aliyense chichokereni Freddy. Boma linanena zoona kuti malo ena sayeneranso kukhalidwa, ndipo lamulo latsopano la 2023, limene linalowa m'malo mwa la 1991 lija, likulimbikitsa kupewa ngozi m'malo modikira kudzagawa thandizo. Komabe m'maboma ambiri a kumwera kuno timamva dandaulo lomwelomwelo, loti anthu akasamutsidwa amabwerera kumalo oopsa, ndipo mawu otsatira amakhala akuti anthu akumudzi ndi osamva. Ine mawu amenewa sindiwavomera. Munthu amene anaona mwala waukulu ngati nyumba ukugubuduka pabwalo pake safunika kumuphunzitsa mantha. Ngati wabwerera, pali chimene chamubweza, ndipo chimenecho n'chimene msonkhano unayenera kufufuza. Mwina kumtunda kumene wapatsidwa kuli malo a nyumba koma kulibe munda. Dimba lake la m'chilimwe lili kumtsinje. Manda a amayi ake ali komweko. Kuno kwathu malo amayenda m'mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo mwamuna ndi mkamwini. Kusamutsira banja m'dera la mfumu ina ndi kuchotsa mayi pa nthaka imene anali mwini wake n'kukamuika pamene adzatchedwa wobwera, iye ndi ana ake ndi zidzukulu zake. Amene amadziwa kulemera kwa zimenezi ndi amayi, omwe aja amakhala kumbuyo pamsonkhano, ali duu. Phalombe linali limodzi mwa maboma atatu, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, kumene kulembetsa malo a makolo potsata lamulo la 2016 kunayamba kuyesedwa, ndipo lamulo limenelo limafuna kuti osachepera theka la mamembala osankhidwa m'komiti ya malo akhale amayi. Ngati tinavomereza kuti polembetsa munda mayi ayenera kukhala ndi mawu, tingamusiye bwanji kunja pogamula zoti ausiye mundawo?

Pano pali mfundo yotsutsa imene sindingaizembe. Ena amati nkhani ngati izi ndi za akatswiri. Kudziwa kuti phiri ligumuka pati kumafuna wodziwa za miyala ndi nthaka, kudziwa kutalika kwa mlatho kumafuna injiniya, ndipo madzi akamasefukira si nthawi yokweza manja kuti tione ochuluka ali mbali iti. Zonsezi n'zoona. Mudzi wonse utavota kuti chigwa chakutichakuti n'chotetezeka, napolo sadzawerenga mavotiwo. Koma onena zimenezi akuphatikiza mafunso awiri osiyana. Katswiri amayankha funso lakuti pangozi ndi pati. Sangayankhe lakuti pa malo atatu otetezeka anthu asankhe ati, asamuke mwezi uti kuti asataye zokolola, ayambe ndani, ndiponso eni malo olandira anzawowo apepesedwe motani. Mlendo woona mtima amafika n'kunena kuti ichi sitingasinthe, chifukwa chake ndi ichi, mapu ake ndi awa, koma izi zatsala m'manja mwanu. Amafotokoza m'Chichewa, ndipo pamene pali agogo omasuka m'Chilomwe amapeza womasulira. Kunena za nthawi ya ngozi, indedi pamafunika lamulo lachangu lopanda mtsutso. Koma anthu amamvera lamulo lotere usiku wa chimvula ngati amene akuliperekayo anakhala nawo pansi m'chilimwe n'kugwirizana za njira yothawira ndi malo okakumana. Wofuna kuti anthu adzamumvere mu Marichi ayambe kuwamvera iye mu Ogasiti.

Ndipo tisaganize kuti pamene palibe bwalo lenileni anthu amakhala chete. Amalankhula ndithu, pamjigo, pachigayo, pasiteji ya kabaza, pamowa. Chimene chimasowa ndi malo amene zonenedwazo zingakumane ndi umboni. Tonse tikukumbukira 2017. Mu Seputembala ndi Okutobala chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa inafalikira ku Mulanje ndi kuno ku Phalombe, kenaka n'kufika maboma ena mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata ankatseka misewu, anthu osachepera 9 anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Kupha munthu wosalakwa kulibe chowiringula, ndipo magazi amenewo ndi manyazi athu tonse. Koma tikangoti unali umbuli, tataya phunziro lake. Mphekesera ija inkaloza makamaka alendo, anthu a magalimoto ndi onyamula zipangizo zosadziwika, ndiye kuti anthu ofanana ndi omwe aja amabwera m'mudzi, kulemba mayina, kuyeza, kujambula, n'kupita osabwereranso kudzanena kuti zimene anatenga zinathera kuti. Akuluakulu atayamba kutsutsa pawailesi kuti anamapopa kulibe, ambiri sanakhulupirire, popeza sanazolowere kuona mawu a boma akuyesedwa ndi mafunso pamaso pawo. Zinatengera apolisi kumanga anthu ambiri, komanso mafumu, azipembedzo ndi akuluakulu a boma, kuphatikizapo Pulezidenti Peter Mutharika, kupita kukakumana ndi anthu m'madera awo kuti mitima iyambe kutsika. Ntchito imene inayenera kuchitika mwezi ndi mwezi inachitika anthu ataikidwa kale m'manda.

Anthu akumudzi eniake ali ndi mawu awo otsutsa, ndipo ndi owawa: demokalase sitidya. Mayi amene m'nyumba mwake mulibe ufa, amene tsiku lake ndi la ganyu, mungamuuze bwanji kuti akakhale maola anayi pansi pa mtengo? Ogwira ntchito za chitukuko nawonso amadandaula kuti masiku ano anthu sabwera kumsonkhano ngati palibe alawansi kapena botolo la zakumwa. Koma taonani anthu omwewa. Pamaliro amabwera popanda wowalipira. Mlandu wa malire a munda ukamakambidwa kwa a mfumu, bwalo limadzaza mpaka dzuwa kulowa, ndipo palibe amene amafunsa za alawansi. Amabwera chifukwa akudziwa kuti pamenepo mawu awo asintha kanthu. Munthu amafuna malipiro pamsonkhano umene waona kuti sadzatolapo china chilichonse, ndipo sakulakwa masamu: wagulitsa tsiku lake kuti lipoti la wina likwane. Komanso nkhani za m'mimba zenizenizo zimagamulidwa pamisonkhano yomweyi. Ndani alowe m'kaundula wa Mtukula Pakhomo, ndani agule feteleza wotsika mtengo, chimanga cha thandizo chiyambire mudzi uti, msewu wotulutsira nandolo ukonzedwe uti: wosauka akasowa pamenepo, ndiye woyamba kudumphidwa. Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, anaonetsa kuti njala yopulula anthu sigwa wamba m'dziko limene anthu ndi atolankhani ali ndi ufulu wokuwa atsogoleri n'kumva. Njala yathu ya 2002 inagwa tili kale m'demokalase, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, ndipo machenjezo a mabungwe ndi azipembedzo anamvedwa mochedwa. Kuvota kunalipo, imene inali yofooka ndi njira yoti kulira kwa wanjala kufike msanga kwa wogamula. Umphawi ukutiuza kuti tikonze misonkhano yosunga nthawi, yosagwa tsiku la msika kapena pakati pa kupalira. Sukutiuza kuti tisiye osauka kunja.

Nanga aphungu, makhansala ndi mafumu, si ndiwo otilankhulira? N'zoona kuti anthu oposa 400,000 amene kalembera wa 2018 anawapeza m'boma lino sangakwane m'chipinda chimodzi, ndipo nthumwi n'zofunika. Koma nthumwi ndi munthu wotumidwa, ndipo wotumidwa amabwerera kudzanena mmene wayendera. Malamulo athu a 1994 anali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Aphungu analifafaniza mu 1995. Kuyambira pamenepo, pakati pa chisankho ndi chisankho pali zaka zisanu zimene chida chachikulu chotsala kwa wovota ndi pakamwa pake. Onaninso za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lija timati CDF. Linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, pofika 2022 linali pa K100 miliyoni dera lililonse, ndipo lakhala likukwerabe. Kwa zaka zambiri aphungu ndi makhansala akhala akukokanakokana za amene ayenera kuligwira, mpaka mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu kuyendetsa thumbali komanso kuvota m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mkanganowu ndi wofunika, koma kwa mayi wa kwa Jenala funso lalikulu likadalipobe. Kaya kiyi ali ndi phungu, kaya ali ndi khansala, kaya ali ndi bwanamkubwa, ndani anasankha kuti ndalama za chaka chino zipite ku ichi osati ku icho? Ngati yankho silinadutse pa VDC ndi ADC, anthu akuona, ndiye kuti thumba langochoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo.

Apa ndiye pagona nkhani: kukambirana kopanda manambala ndi macheza chabe. Anthu akafunsidwa kuti mukufuna chiyani, osauzidwa kuti ndalama zilipo zingati, amatchula zonse, chipatala, msewu wa tala, magetsi, sekondale, ndipo mndandandawo umakafera m'kabati. Akauzidwa kuti ndalama ndi izi, zikwanira mijigo ingapo kapena mlatho umodzi, sankhani, pamenepo mtsutso weniweni umayamba. Mudzi wina umayenera kugonjera unzake chaka chino podziwa kuti chaka chamawa ndi chake, ndipo umenewo ndiwo uchikulire umene demokalase imafuna. Mumzinda wa Porto Alegre ku Brazil anayamba mu 1989 kupereka gawo la bajeti kuti anthu wamba aligawe okha pamisonkhano ya m'madera, ndipo madzi a m'mipope ndi ngalande zinafika m'malo a anthu osauka amene kale ankaiwalidwa. Ife sitikusowa poyambira. Lamulo lopatsa nzika ufulu wodziwa zimene maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo ofesi yofunsidwa iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Msonkhano waukulu wa khonsolo ndi wotsegukira aliyense wofuna kukamvera. Koma bajeti ndi dongosolo la chitukuko zimalembedwa m'Chingerezi, m'mabuku okhuthala osungidwa ku boma, ndipo kwa mlimi wa kwa Chiwalo buku lotere n'chimodzimodzi chitseko chokhoma. Chimene chikufunika n'chaching'ono: pepala la m'Chichewa lomatidwa pakhoma la sukulu, pachipatala ndi pamsika, lonena ntchito, ndalama zake, dzina la kontirakitala ndi tsiku loimaliza. Anthu amene amaumba njerwa, kututa mchenga ndi kutunga madzi kwaulere kuti buloko ya sukulu imangidwe ndi eni ake a ntchitoyo, ndipo mwini ntchito sabisiridwa mtengo wa simenti.

Chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri n'chakuti bwalo lakumudzi nalonso si lolungama monga timalitamandira. Mtsikana wa zaka 19 sangatsutse a gulupu pagulu. Mkamwini amadziwa kuti ndi mlendo. Munthu wolumala mwina safika n'komwe. Ambiri amaopa kuti akafunsa funso lolasa, dzina lawo lidzasowa pa mndandanda wa thandizo, kapena adzatchedwa a chipani chotsutsa. Mafumu nawo amalandira mswahala kuchokera ku boma ndipo amakwezedwa ndi boma, choncho si nthawi zonse pamene ali omasuka kuima ndi anthu awo. Kukana zimenezi n'kudzinamiza. Komabe bwalo lomwelo lili ndi chuma chimene tinachitaya tokha. Pamlandu wa kwa a mfumu mbali zonse zimamvedwa, mboni zimafunsidwa, nduna zimapereka maganizo, ndipo mfumu imalankhula pomaliza itamva onse. Msonkhano wa chitukuko unatembenuza dongosolo limeneli: wamkulu amayamba, ndipo akatha palibe wotsala ndi mtima womutsutsa. Akuluakulu atabwerera ku mwambo wolankhula pomaliza, mbali yaikulu ya vutoli ingathe. Yotsalayo imafuna kuti amayi ndi achinyamata ayambe akambirana paokha n'kutuma wowalankhulira, kuti mamembala a VDC azisankhidwa ndi anthu nthawi yawo ikatha m'malo molozedwa ndi chala, ndiponso kuti mfumu ikhale mlangizi wa komiti monga ndondomeko imanenera, mpando n'kuusiyira wosankhidwa. Akale pamene ankati mfumu ndi dzala ankatanthauza kuti udindo ndi kulandira ngakhale mawu owawa, wowanenayo osalangidwa.

Nafenso anthu wamba tili ndi mbali yathu, ndipo siyopepuka. Pamapulogalamu oimba foni pawailesi ndi pamisonkhano ya ndale timamva ambiri odziwa kunyoza, ochepa odziwa kufunsa. Kunena kuti onse ndi akuba sikubweza ngakhale thumba limodzi la simenti. Kufunsa kuti matumba anagulidwa angati ndipo afika angati kumabweza. Tiyenera kuphunzira kumva mfundo ya munthu wa chipani china osayang'ana makaka amene wavala, kuvomera pamene mudzi wathu wagonja mwachilungamo, ndi kubweranso pamsonkhano wotsatira. Bungwe la NICE, limene lakhala likuphunzitsa za ufulu ndi udindo wa nzika kuyambira 1999, ndi makomiti a chilungamo ndi mtendere a m'mipingo angathandize, koma sangafunse m'malo mwathu. Kwa amene ali m'maudindo, ngongole yaikulu imene ali nayo kwa anthu ndi yankho. Anthu amapirira kukanizidwa ngati auzidwa chifukwa. Chimene chimapha msonkhano ndi kupempha mlatho chaka ndi chaka, kulembedwa chaka ndi chaka, osamva ngakhale liwu lakuti ayi. Msonkhano uliwonse wa VDC ndi ADC uziyamba ndi kuwerenga zimene zinapemphedwa ulendo watha ndi pamene zafika.

Tsono pempho langa likupita kwa inu a bwanamkubwa ndi ogwira ntchito ku khonsolo ya Phalombe, kwa inu makhansala ndi aphungu, kwa inu mafumu athu, ndi kwa mabungwe onse ogwira ntchito m'boma lino. Mvula isanayambe chaka chino, pitani m'midzi ya m'tsinde mwa Michesi ndi Mulanje ndi ya m'mbali mwa mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, mutanyamula mapu ndi manambala, chigamulo chisanalembedwe. Mukakhale pansi, mukalankhule pomaliza. Ndipo inu mayi, inu bambo, inu anyamata ndi atsikana amene mukumvera, galimoto ikadzafikanso pansi pa mtengo uja, mudzaimirire mwaulemu n'kufunsa ngati nkhaniyo yagamulidwa kale kapena ikudikira mawu anu, ndalama zake ndi zingati, ndipo yankho lidzabwera tsiku liti. Mukapanda kuyankhidwa, mudzafunsenso pamsonkhano wotsatira, ndipo mudzaonetsetse kuti mlembi wa komiti walemba kuti munafunsa.